Mutu 5: Belu Loyamba ndi Phewa la Damir

1. Ngamila ya Nelli

Pasukulu pathu pali belu lamagetsi lolira ngati mbuzi yokoledwa chingwe pakhosi, koma chaka sichiyamba ndi belu limenelo. Chimayamba ndi kabelu kamkuwa komangidwa riboni yofiira, kamene eni sukulu, a Zinaida Arkadyevna, anabwera nako m'sutukesi kuchokera kwawo ku Omsk, m'dziko la Rasha.

Tsiku loyamba la Seputembala, mnyamata mmodzi wa kalasi yomaliza amanyamula kamtsikana ka kalasi yoyamba paphewa n'kuzungulira nako bwalo lonse, iko kakuliza belulo. Amayi amalira, mafoni amajambula, ndipo tchuthi chimathera pomwepo.

Sukulu yathu ndi yaing'ono. Kale inali nyumba ya munthu m'dera la Kawther muno mu Hurghada, mzinda wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Africa, ndipo mpaka lero m'kalasi yachitatu muli sinki pakona chifukwa munali m'khitchini. M'mawa ana amaphunzira m'Chirasha, masana m'Chingerezi. Akayambana pabwalo amanyozana m'Chiarabu, ndipo phunziro limenelo palibe amene anayamba walephera.

Chaka chimenecho m'kalasi yomaliza munali anyamata atatu okha: Gleb, Seif ndi Damir. Tonse tinkati belu ndi la Gleb. Anali wamtali, makolo ake onse a ku Rasha, ndipo akamalakatula ndakatulo aphunzitsi ankapukuta misozi. Mwini wakeyo anali atagulitsa kale makolo ake nsapato zatsopano za tsikulo.

Koma a Zinaida Arkadyevna anatchula Damir, mwana wa Kaputeni Essam oyendetsa boti la alendo, ndi Mayi Larisa a ku Rasha.

"Damir? Chirasha chake n'cha kumsika wa nsomba!" anatero Gleb mokweza.

"Sindikufuna wolakatula," anayankha a Zinaida Arkadyevna. "Ndikufuna amene tiana tikamuona sitithawa."

Kamtsikana kosankhidwa kanali Nelli, mwana mmodzi yekhayo wa Amalume Wagdi ogulitsa mankhwala kufamase. Nelli anali wamantha moti ngakhale pakatungwe sankakwera. Tsiku loyamba kuyeserera anabisala kumbuyo kwa miyendo ya bambo ake n'kukana kutuluka.

Damir sanamukoke. Anagwada pamatailosi, anatalikitsa khosi, n'kuyamba kubuula ngati ngamila yaulesi. "Mfumukazi ikwere msanga," anatero, "ngamila yatopa kudikira."

Nelli anaseka. Tsiku limenelo anakhala paphewa Damir ali chigwadire. Mawa lake ngamila inadzuka pang'ono. Pomatha sabata anali akuzungulira bwalo lonse, ndipo Nelli sankamutchulanso dzina koma "ngamila yanga". Gleb naye anatola dzinalo, koma iye ankalitchula mopinda mlomo.

Atamaliza kuyeserera komaliza, a Zinaida Arkadyevna anamuitanira pambali. Akafuna kuti mwana amve ndithu, amamutchula ndi dzina la bambo ake lomwe, ngati munthu wamkulu.

"Damir Essamovich, undimvetsere. Inenso ndinanyamulidwapo. Ndinali kamwana ngati aka, kwathu kukuzizira, ndipo mnyamata amene anandinyamula ndimamukumbukira mpaka fungo la tsitsi lake. Ukakhala pamwamba paja suyang'ana pansi. Umangokhulupirira kuti manja amene akugwirawo sakusiya. Anyamata ambiri amayesa kuti tsikuli ndi lawo. Amapesa tsitsi, amasakasaka kumene kuli makamera. Tsikuli si lako. Belu likagwa tidzatola, likasweka tidzapeza lina. Koma pansi pano ndi pamatailosi, si pamchenga wa kunyanja, ndipo wakhala paphewa pakoyo ndi mwana wa eni. Ukadzuka ndi chimfine, undiuze. Ukaponda msomali, undiuze. Ngakhale kachizungulire chabe, bwera undiuze, sindidzakunyoza. Chimene sindingakhululuke n'kundibisira."

"Ndamva, a Zinaida Arkadyevna," anatero Damir. Ndipo anamvadi, koma mwana amamva ndi makutu, miyendo ili ndi maganizo akeake.

2. Kudoko lakale

Lachisanu lomaliza la tchuthi Seif anafika panjinga yake. Seif anali mwana wa Haji Mamdouh, eni boti limene bambo a Damir ankayendetsa. Anali mnyamata wosangalatsa kucheza naye, koma chilichonse chimene analetsedwa chinkamuitana.

"Aise, tchuthi chikutha iwe uli m'nyumba ngati nkhuku yofungatira. Tiye kudoko lakale tikadumphe kamodzi."

"Ababa anandiletsa. Akuti kuli zitsulo zadzimbiri."

"Ababa, ababa! Ngamila yayamba mantha? Uyesa Gleb akamva anena chiyani?"

Dzina la Gleb ndi limene linamudzutsa. Anapita.

Doko lakale ndi kamlatho ka matabwa kolowa m'nyanja, kumene maboti anasiya kukocheza kalekale. Seif anathamanga n'kudumpha bwinobwino. Damir anathamanga naye, koma thabwa lomaliza linali lonyowa. Phazi linaterereka, thupi linapendekeka, ndipo asanafike m'madzi phewa lake lakumanja linamenya makwerero achitsulo.

Anatuluka m'madzi akusambira ndi dzanja limodzi. Magazi panalibe, koma atayesa kukweza mkono anaona nyenyezi masana.

Seif anayamba wachita mantha, kenaka anapeza pakamwa. "Si kanthu aka, wangobinya. Mawa udzuka bwino. Koma undimve, aise, usatchule dzina langa. Ababa akamva kuti ndinali kuno, njingayi yapita. Ndiponso ukangonena kuti phewa likuwawa, belu alipereka kwa Gleb. Ukufuna aziseka chaka chonse?"

Damir anavala malaya ake movutikira. Kunyumba analowera khomo lakumbuyo.

3. Dzanja lamanzere

Mawa lake phewa silinadzuke bwino. Linatupa, ndipo pafupi ndi khosi panada ngati biringanya. Damir anavala malaya otseka mpaka m'khosi, kunja kukutentha moti agalu anali gone pansi pa magalimoto.

Madzulo Mayi Larisa anasita malaya oyera a mwambo, n'kuwapachika pachitseko kuti aliyense awaone. Chimwemwe chinali chitawadzaza. "Agogo ako kwathu ku Saratov auza nyumba yonse ya kumeneko," anatero. "Ndidzawaimbira foni ya kanema kuti adzionere okha. Akuti mdzukulu wawo wa ku Africa wanyamula belu!"

Pathebulo panali nsomba yokazinga, mpunga ndi buledi. Damir ananyema bulediyo ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pamwendo.

Kaputeni Essam anaika foloko pansi. "Kuyambira liti m'nyumba muno timadya ndi manzere?"

"Ndikungoyeserera, Ababa. Gleb amadya ndi manja onse awiri."

"Gleb amadya kwa bambo ake. Iwe ukudya kwa ine."

Damir anatenga supuni ndi dzanja lamanja, n'kuweramitsa mutu mpaka pafupi ndi mbale kuti mkono usakwere. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayamba nkhani imene inkaoneka ngati ya kuntchito.

"Lero ndabweza mlendo paboti. Munthu wamkulu, mimba uko, wavala kale zosambirira pansi pa nyanja. Ndamumva akufwenthera, ndamufunsa, akuti ali bwino. Ndamuuza kuti akhale pamthunzi amwe tiyi. Wakalipa, koma sanalowe m'madzi. Ukudziwa chifukwa chake, mwana wanga? Pansi pa nyanja anthu amapita awiriawiri. Wobisa chimfine khutu likamuphulika ali pansi, amagwira mnzake n'kukwera naye mothamanga, ndipo amene amavulala kwambiri ndi mnzakeyo, amene sanalakwe kanthu. Kudwala si mlandu. Ine sindinakwiyirepo munthu chifukwa choti wadwala. Koma munthu amene amati ali bwino pamene akudziwa kuti wina wadalira thupi lake, ameneyo ndi wakuba. Waba chitetezo cha mnzake kuti agulire ulemu wake. Ndipo palibe angalowe m'thupi mwako kukakuonera. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko."

"Essam, mwana adye," anatero Mayi Larisa. "Nkhani za makutu ophulika pachakudya?"

"Akudya," anatero Kaputeni. "Ndipo akumva."

Damir anatsegula pakamwa, maso ake n'kugwera pa malaya oyera aja pachitseko. Anatsekanso pakamwa.

4. Chigubu cha madzi

Tsiku la mwambo bwalo linadzaza dzuwa lisanapse. Atsikana anabwera ndi maliboni oyera aakulu kuposa mitu yawo. Ana onse ananyamula maluwa a aphunzitsi, ndipo amayi a ku Rasha anali pageti kuwerengera abambo a kuno maluwawo, kuti wina asalowe ndi anayi kapena asanu ndi limodzi ngati akupita kumanda, pakuti kwawo maluwa ogawika pawiri ndendende ndi a maliro. Chaka chilichonse pamapezeka bambo mmodzi woyenera kuzula duwa limodzi n'kulibisa m'thumba.

Mabaluni anamangidwa pampanda wonse. Zokuzira mawu zinkaimba nyimbo za sukulu. Mayi Larisa anapeza malo kutsogolo, foni ili m'mwamba, nkhope ya agogo ikuoneka pagalasi.

Damir anali m'khonde, thukuta lili kamukamu, ndipo silinali la kutentha kokha. Amalume Wagdi anafika atagwira Nelli padzanja.

"Mwana wanga Damir, Mulungu akudalitse. Uyu sanagone, amangoti ngamila, ngamila. Ine ndi mayi ake tinadikira zaka zambiri kuti timuone mwana ameneyu. Lero ndakusiyira m'manja mwako."

Nelli analumpha n'kulendewera pamkono wake wakumanja. "Ngamila yanga, gwada!"

Ululu unamubaya kuchokera m'khosi mpaka m'zala. Analuma mlomo, n'kumutsitsa mwanayo ndi dzanja lamanzere. "Nthawi isanakwane ngamila sigwada, mfumukazi. Pita kumzere."

Atachoka, Seif anatulukira ndi mapilitsi awiri m'dzanja. "Imwa awa. Umukhazike paphewa lamanzere, ugwire miyendo ndi mkono womwewo. Lamanjalo lingolendewera, palibe aone. N'kuzungulira kamodzi kokha, aise. Kamwanako n'kopepuka ngati mphaka."

Pakona pa khondelo panali chigubu chachikulu cha madzi akumwa, chodikira kuikidwa pamakina ake. Damir anachiyang'ana. Kulemera kwake kunali ngati kwa Nelli.

"Ndithandize kuchikweza," anatero.

Seif anachikweza n'kuchikhazika paphewa lamanzere. Damir anachikumbatira n'kuyamba kuyenda. Poyamba zinayenda bwino, moti Seif anaomba m'manja. Kenaka madzi anagwedezeka m'kati, chigubu chinapendekera kumbuyo, ndipo dzanja lamanja linafuna kukwera kuti lichigwire. Silinakwere. Chigubu chinagwa pamatailosi, phu! n'kung'ambika, madzi mbwee khonde lonse.

Anyamata awiriwo anayang'ana madziwo.

"Chigubu chilibe manja," anatero Seif motsitsa mawu. "Nelli adzagwira mutu wako."

"Dzanja lina lidzakhala ndi belu."

"Ndiye utani? Anthu adzaza kale. Agogo ako ali pafoni!"

Damir anamubwezera mapilitsi aja, n'kuyenda m'madzimo kulunjika ku ofesi.

5. Mu ofesi

A Zinaida Arkadyevna anali akumanganso riboni ya belu. Ataona nsapato zonyowa anakweza nsidze.

"A Zinaida Arkadyevna, sinditha kumunyamula Nelli."

"Wati chiyani?"

Damir anamasula mabatani a m'khosi n'kuwaonetsa phewa. Mayiwo anavala magalasi, anayang'ana, n'kuwavulanso.

"Zachitika liti?"

"Lachisanu."

"Lachisanu! Ndipo ukundiuza lero, nyimbo zikuimba kale?" Mawu awo anakwera moti mphunzitsi wina anasuzumira pakhomo n'kubwerera. "Mwana iwe, ndinakuuza chiyani? Ndinalankhula Chitchaina kodi?"

"Ndimayesa lipola. Ndimaopanso kuti..." Misozi inalengeza, ndipo anachita manyazi kwambiri.

A Zinaida Arkadyevna anakhala pampando n'kupuma mozama. Atalankhulanso, ukali unali utatsika. "Wachedwa, ndipo za kuchedwako tidzakambirana. Koma wabwera mwana asanakwere. Zikanakhala kuti wabwera atagwa, sukulu ino sikanakhalanso ndi belu mpaka kalekale. Kaitane Gleb."

Gleb anafika ndi nsapato zake zatsopano. Atamva nkhaniyo nkhope yake inawala, ndipo anatsala pang'ono kunena mawu onyoza. Koma anaona phewa lija. "Iwe, umafuna kunyamula mwana ndi chimenecho? Mutu wako ukuyenda?"

Vuto linali Nelli. Atamubweretsa n'kumuuza, anayang'ana Gleb kuchokera kunsapato mpaka kumutu, mlomo n'kuyamba kunjenjemera.

"Ayi! Uyu ndi wamtali. Ndikufuna ngamila yanga!"

"Bwera kuno, kamwana, palibe nthawi," anatero Gleb, akutambasula manja kuti amutukule. Nelli anakuwa n'kulowa pansi pa thebulo.

"Osatero," anatero Damir. "Gwada."

"Ndigwade? Ndi thalauza ili?"

"Gwada, ndipo ubuule."

Gleb anayang'ana a Zinaida Arkadyevna kuti amupulumutse. Iwo anangoloza pansi ndi chala. Choncho wolakatula wamkulu wa sukulu yathu anagwada mu ofesi, anatalikitsa khosi, n'kutulutsa kubuula koipa kumene ngamila iliyonse ikanachita nako manyazi.

Damir anasuzumira pansi pa thebulo. "Mfumukazi, ngamila yako yavulala mwendo wakutsogolo. Iyi ndi mkulu wake. Ndi yonyansa nkhope, koma ndi yamphamvu. Ine ndikhala woikoka chingwe. Ndiyenda pambali pako, ndigwira nsapato yako, sindikusiya."

Kamutu ka maliboni kanatuluka. "Sundisiya?"

"Mpaka belu litasiya kulira."

6. Belu lilira

Anthu ataona Gleb akutuluka ndi Nelli paphewa, panamveka manong'onong'o. Foni ya Mayi Larisa inatsika pang'onopang'ono. Damir anaiona ikutsika, ndipo zinamupweteka kuposa phewa. Anayenda pambali pa Gleb, dzanja lake lamanzere litagwira kansapato koyera, lamanja atalilowetsa pakati pa mabatani a malaya.

Nelli analiza belu. Poyamba linalira mwamantha, kenaka mwamphamvu. Anadutsa kalasi yachiwiri, anadutsa aphunzitsi. Makolo anayamba kuomba m'manja motsatira nyimbo.

Atafika pakona ya mpanda, pamene dzuwa linali litawomba mabaluni kuyambira m'mawa, baluni limodzi linaphulika pafupi ndi khutu la Nelli. Linzake linatsatira pomwepo.

Mwanayo anadzidzimuka n'kudziponya chagada. Kansapato kaja kanatsala m'dzanja la Damir. Maliboni oyera analoza pansi.

Dzanja lamanja la Gleb linakwera ngati mphezi n'kumugwira pamsana. Anapindika mawondo, anamukankhira m'mwamba, n'kumukhazikanso paphewa. Belu linalira mosokonekera, koma silinagwe.

"Ngamila yapunthwa chabe!" anafuula Damir. "Liza, mfumukazi, liza!"

Nelli anayang'ana pansi, anaona Damir ali pomwepo atagwira phazi lake la sokosi, n'kuliza belu ndi mphamvu zake zonse. Anthu ambiri sanaone n'komwe chimene chinachitika. Ena anaseka poyesa kuti ndi masewera. Koma Amalume Wagdi anali ataimirira, manja ali kumutu.

Atamaliza kuzungulira, Gleb anagwada yekha osauzidwa, Nelli n'kutsika. Ana anathamangira kwa aphunzitsi ndi maluwa. Damir anakhala pansi pamasitepe. Dzanja limene linamugwira mwanayo linali lamanja, lomwe lija iye analibe.

Gleb anakhala pambali pake, akupuma wefuwefu. Kumaso kwake kunali kutayera ndi mantha.

"Waona?" anafunsa.

"Ndaona."

"Ukanakhala iwe..."

"Ndikudziwa."

Kenaka Gleb anayang'ana maondo a thalauza lake. "Amayi andipha. Taona fumbi ili. Ndipo kubuula kuja ukauzako munthu, ndikuthyola phewa linalo."

Damir anaseka, phewa n'kumubaya, koma anasekabe. Mtima wake unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichokereni kudoko.

Nelli anabwera akudumphira mwendo umodzi kudzatenga nsapato yake. Damir anamuveka ndi dzanja limodzi. Mwanayo anazula duwa pamaluwa a aphunzitsi ake n'kumupatsa. "Ili ndi la ngamila yodwala," anatero.

Mayi wina wa ku Rasha anawerenga msanga maluwa otsalawo n'kukuwa kuti atsala anayi. Anazula lina n'kupatsa Gleb, ndipo ngamila zonse ziwiri zinalandira malipiro.

7. Funso la Kaputeni

Amalume Wagdi anafika, anagwira mutu wa Gleb n'kuupsompsona. Kenaka anatembenukira kwa Damir. A Zinaida Arkadyevna anali atawauza kale zonse.

"Ndinati ndamusiya m'manja mwako," anatero. "Ndipo wamusunga. Ukanamunyamula ukanasangalatsa anthu. Pomukana wandisungira mwana."

Mayi Larisa analira kawiri, koyamba chifukwa cha phewa, kachiwiri chifukwa chosauzidwa. Agogo pafoni sanamvetse bwino, ankangofunsa kuti mnyamata wamtaliyo ndi wa yani ndipo n'chifukwa chiyani mdzukulu wawo wawonda.

A Zinaida Arkadyevna anamupeza pageti, belu lili m'manja. "Damir Essamovich, pita kuchipatala. Ndakhala ndikuchititsa mwambowu zaka zambiri, ndipo anyamata amene ananyamula belu ena ndawaiwala mayina. Amene anakana kulinyamula ndi mmodzi yekha. Koma usanyade. Madzi a chigubu chija wakolopa ndani? Ukachira, khonde lonse ndi lako."

Kuchipatala anajambula phewalo. Fupa lolumikiza phewa ndi khosi linali litang'aluka. Dokotala anamukoloweka mkono m'nsalu, n'kunena kuti akananyamula chinthu cholemera likanathyokeratu.

Kaputeni Essam anabwera kuchokera kudoko atavala zakuntchito, akununkha dizilo ndi mchere. Anamva zonse kwa mkazi wawo ali chiimire. Atatuluka panja, anakhazika mwana wawo pabenchi la pamthunzi n'kumugulira madzi a nzimbe.

"Dzulo ndinadziwa kuti mkono suli bwino," anatero. "Ndinati ndimupatse mpata atsekule yekha chitseko. Lero m'mawa ndili panyanja ndinadzitukwana. Ndinati, Essam, ndiwe chitsiru, ukuphunzitsa mwana wako poika mwana wa mnzako pangozi. Ndinaimba foni ya mayi ako, koma anali akulankhula ndi ku Saratov. Sindinaopepo chonchija ngakhale pa namondwe." Anaika dzanja lawo lolemera pamutu pa Damir. "Wandichotsa manyazi, mwana wanga. Mulungu atamandike."

Damir anamwa madzi a nzimbe aja. Anali okoma kuposa onse amene anamwapo.

"Tsopano," anatero Kaputeni, "fupa siling'aluka munthu ali pabedi. Unagwera kuti?"

"Kudoko lakale, Ababa."

Nkhope ya bambo ake inasintha, koma mawu sanakwere. "Kumene ndinakuletsa. Chabwino, zimenezo tikambirana kunyumba. Koma kudoko lakale mwana sapita yekha, ndipo n'kutali kuyenda pansi. Anakutenga ndani?"

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'thumba la Damir. Anaitulutsa ndi dzanja lamanzere. Pagalasi panali dzina la Seif, mwana wa eni boti limene linkadyetsa banja lawo.

Kaputeni Essam anayang'ana foniyo, kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Yankha," anatero. "Koma uyambe wandiyankha ine."